Funsani Azakhali: Jakisoni ndatopa naye koma lupu ikundiopsa

Azakhali, ndine mayi wa zaka 31, ana ndili nawo atatu, womaliza ali ndi miyezi 8 ndipo akuyamwa. Chiyambire ndimabayitsa jakisoni wa miyezi itatu uja koma ndatopa naye, thupi likungonenepa, kumwezi ndinasiya kalekale kupitako, komanso ndi geni yangayi tsiku lobayitsa limandidutsa ndisakudziwa. Anesi kusikelo anandiuza za lupu, koma anzanga pamsika akuti imasowa m'thupi mpaka kukafika kumtima, ena akuti imabaya abambo, wina mpaka anati mwana wa neba wake anabadwa ataigwira m'manja. Bambo akunyumba nawonso akukayika. Kodi ndiikitse? Nanga poika paja zimapweteka bwanji?
Mayi wa ku Ndirande

Mwana wanga, zikomo kuti mwafunsa m'malo mongomvera zapamsika. Ine mmene ndawerengera kalata yanuyi ndikuona kuti lupu ikhoza kukuyanjani ndithu, koma pali nkhani imodzi yomwe anzanuwo sanaitchule n'komwe pomwe ndi imene imabweza amayi ambiri kuchipatala kukachotsetsa, nkhani ya magazi. Ndifikako, tiyambe tachotsa mantha enawa.

Lupu ndi kapulasitiki kofewa kooneka ngati chilembo cha T, kutalika kwake sikaposa chala chanu chaching'ono, ndipo yomwe imapezeka kwambiri m'zipatala zathu ndi yokulungidwa ndi kawaya ka kopa, pa paketi amalembapo Copper T 380A. Kopayo amafoola umuna kuti usakumane ndi dzira, basi, mulibe mankhwala oyenda m'magazi ngati a jakisoni, n'chifukwa chake siinenepetsa komanso siikhudza mkaka wa mwana. Imateteza kwa zaka 10 mpaka 12, ndipo pa amayi 100 oikitsa, wotenga mimba pachaka safika ndi mmodzi yemwe. Mukafuna mwana wina mumangopita kukachotsetsa ngakhale zakazo zisanakwane, mphamvu yobereka imabwerera pompo, pomwe jakisoni uja ena amadikira miyezi yambiri mwina mpaka chaka asanaime.

Zoti imapita kumtima ayi, chiberekero chilibe msewu wopita kumeneko. Chomwe chimachitikadi kwa ena n'choti lupu imatsika n'kutuluka yokha, makamaka miyezi yoyambirira nthawi ya msambo, mayi osazindikira, kenako akaima anthu amvekere yasowa m'thupi. Palinso ngozi yoti poika iboole chiberekero, koma izi ndi za apo ndi apo, pafupifupi mayi mmodzi pa 1,000, ndiye chifukwa chake muikitse kwa namwino kapena dokotala amene anaphunzira ntchitoyi, osati pakakiliniki kalikonse ka m'makwalala. Za mwana wobadwa ataigwira zija n'zongokometsera nkhani, mwana amakula m'thumba lake lamadzi ndipo lupu imakhala kunja kwa thumbalo.

Abambowo auzeni kuti lupu imakhala m'kati mwenimweni mwa chiberekero komwe iwo safikako. Chotsala panja pa khomo la chiberekero ndi timaulusi tiwiri towonda, anesi amatidula n'kusiya tatifupi ndipo pakapita masabata timafewa n'kupindika. Akamadandaula kuti akutimva mukabwerere akatikonze, osati mukoke nokha chonde. Kukanakhala kotheka mukanapita nawo limodzi akamve okha kwa anesi, abambo ambiri akangoiona lupuyo ndi maso mantha amatha.

Tsopano nkhani ya magazi ija. Lupu ya kopa imachulukitsa msambo, masiku amaonjezekera, cham'mimba chimalimbako, ena amadonthezanso pakati pa mwezi, makamaka miyezi itatu mpaka 6 yoyambirira kenako kwa ambiri zimakhazikika. Inuyo poti jakisoni anakuimitsani kusamba, mukhoza kukhala kaye miyezi ingapo osaona kanthu mpaka mphamvu yake ithe m'thupi, ndiye tsiku lomwe msambo udzabwerere mudzadabwa, mudzayesa mwavulala pomwe ndi thupi likubwerera mwakale kuphatikizapo lupuyo. Ndiye dzifunseni moona mtima, musanayambe jakisoni munkasamba bwanji? Ngati munkataya magazi ambiri mpaka chizungulire, kapena kusikelo anakuuzanipo kuti magazi anu ndi ochepa, musabise, auzeni anesi. Ilipo lupu ya mtundu wina ya mahomoni, kutanthauza kuti imatulutsa mankhwala olera pang'onopang'ono, yomwe m'malo mochulukitsa imachepetsa msambo, imakhala zaka zosachepera 5, kungoti si chipatala chilichonse chomwe chimakhala nayo ndiye mufunse.

Kaikidwe kake sikachedwa. Amayamba akufunsani mafunso, kukuyezani ngati simunaime, makamaka inu amene tsiku la jakisoni limakudutsani, n'kuonanso ngati mulibe matenda opatsirana pogonana, chifukwa kuika lupu muli ndi chinzonono kumakankhira matendawo m'kati, amayamba akupatsani mankhwala kaye. Simukufunika kudikira msambo, bola atsimikize kuti mimba palibe, ndipo nthawi yabwino kwa inu ndi pomwe tsiku la jakisoni wotsatira likuyandikira kuti pasakhale mpata. Mumagona chagada ngati poyezetsa khansa ya khomo la chiberekero, amalowetsa kachipangizo kotsegulira njira kaja, amapukuta ndi mankhwala, kuyeza kuya kwa chiberekero, kenako n'kulowetsa lupu kudzera m'kapaipi kowonda. Zonsezi mphindi 10 kapena 15 zatha. Kupweteka kulipo, sindikunamizani, kumakhala ngati cham'mimba champhamvu kwa kanthawi kochepa, ena amamva chizungulire, koma kwa mayi woti anabereka katatu ngati inu nthawi zambiri sizivuta. Idyani kanthu musanapite, tengani padi, buku lanu lakuchipatala ndi panado kapena bulufeni, ndipo tsiku limenelo geni isiyireni wina mukapume. Poti mwagona kale pabedipo pemphaninso akuyezeni khansa ija ngati simunayezetse.

Mukabwerere kukaonetsa pakatha masabata atatu mpaka 6. Koma mukamva kupweteka kwambiri pachinena kosasiya, kutentha thupi, chikazi chonunkha, magazi odzaza padi ola lililonse, kapena mwakhudza kapulasitiki kolimba pakhomo la chiberekero, musadikire tsikulo. Chimodzimodzi msambo ukadzabwerera kenako n'kudumpha mwezi, kayezetseni msanga, mimba yobwera lupu ili m'kati ndi yosowa koma ikachitika nthawi zina imakhala m'njira ya dzira ndipo imeneyo ndi yoopsa. Kuzipatala za boma kulera n'kwaulere, ku Banja La Mtsogolo nakonso amaika.

Azakhali, ine ndili ndi zaka 24, sindinaberekepo ndipo ndimamwa ma ARV. Lupu ndi ya amayi obereka okha?
Mtsikana wa ku Mzuzu

Ayi mwanawe, wosabereka akhoza kuikitsa, kungoti khomo la chiberekero limakhala lothina ndiye poika pamawawako kuposa kwa anzako obereka, uwauze anesi achite modekha. Ma ARV salimbana ndi lupu ya kopa, ngati ukumwa mankhwala mwandondomeko ndipo m'thupi muli bwino palibe choletsa. Chomwe lupu siingachite ndi kukutchinga ku chindoko, chinzonono ndi matenda ena opatsirana, ndiye kondomu usaisiye, ndipo ukaona zachilendo kumaliseche upite kuchipatala sabata yomweyo pamodzi ndi bwenzi lakolo mukalandire mankhwala nonse.