Mandimu obiriwira opanda njere: mayina atatu, mtengo umodzi

Bambo wina atilembera kuchokera ku Johannesburg. Akuti m'sitolo amapeza mandimu obiriwira opanda njere, thumba lina litalembedwa Persian lime, lina Tahiti lime, ndipo panazale anawauza za Bearss. Akufunsa ngati iyi ndi mitundu itatu, komanso kuti adzala bwanji kumudzi poti mulibe njere.

Achimwene, musavutike kusankha, mtengo wake ndi umodzi. Akatswiri a zomera amautcha Citrus × latifolia, kutanthauza wa masamba aakulu. Ife pa Chichewa zonse timangoti mandimu, koma pa Chiswahili amasiyanitsa: ndimu ndi obiriwirawa, limau ndi achikasu aja.

Mayinawo akungosonyeza njira yomwe mtengowu unadzera. La Persia likuloza ku Iran, komwe amati ulimi wake unayambira. La Tahiti linabwera chifukwa pakati pa 1850 ndi 1880 zipatso za mtundu wa malalanje zinkafika ku California, ku America, pa sitima kuchokera pachilumba cha Tahiti. Bearss ndi munthu, John T. Bearss, yemwe anali ndi nazale ku Porterville, ku California komweko, ndipo cha m'ma 1895 anayamba kufalitsa mtengo wopanda njere womwe unatenga dzina lake. Ogulitsa mbande ena amakokomeza kuti Bearss ndi wapadera, koma mukaika zipatsozo m'mbale imodzi simungazisiyanitse.

Makolo ake ndi awiri: ndimu wachikasu uja ndi kandimu kakang'ono kowawasa kwambiri, ka minga ndi njere zambiri, kotchedwa Key lime. Mwanayo anatuluka ndi makromozomu (tinthu ta m'thupi tosunga chibadwa) 27 m'malo mwa 18, ndiye mungu wake subereketsa. N'chifukwa chake chipatso chimakula popanda njere. Ku Florida, ku America, mtengowu unatchuka namondwe wa 1926 atasakaza minda ya Key lime; alimi anadzala uwu poti ulibe minga yambiri ndipo khungu lake limapirira pa ulendo. Lero mandimu ambiri a mtunduwu amachokera ku Mexico, makamaka ku Veracruz, ndi ku Brazil.

Tsono za kudzala. Njira yake ndi kumezanitsa, ndipo nthambi muzipeze panazale yodalirika ya m'dziko lomwe mudzalemo, osati kuwoloka nazo malire, poopa kunyamula matenda. Fesani njere za mandimu a khungu lokhakhala aja. Mbande ikanenepa ngati pensulo, chekani khungwa lake ngati chilembo cha T pa masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pansi. Sengani diso limodzi panthambi ya Tahiti, lilowetseni pochekapo, n'kumanga ndi kapulasitiki. Pakatha masabata atatu masulani. Diso likakhala lobiriwira ndiye kuti lagwira, dulani mutu wa mbande pamwamba pake. Likada, lafa, mwina mpeni unali wobuntha kapena munalowa madzi.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pamphukira zotuluka m'munsi mwa pomezanitsa. Zimenezo ndi za tsinde, zimakula mwamphamvu, ndipo mukazilekerera mudzakolola mandimu okhakhala omwe aja. Zibudulani zikadali zanthete.

Zipatso zimayamba patatha zaka pafupifupi zitatu. Thyolani zikadali zobiriwira koma khungu litasalala, chifukwa zikayamba chikasu zimakonda kuwola kunsonga. Musathyole m'mawa kuli mame kapena mvula itangokata: mafuta a m'khungu amaphulika mukazigwira, n'kusiya mawanga abulauni omwe ogula amawakana.