Funsani za Kukhitchini: Fudge wokukutika ndi wokana kulimba

Funso: Zikomo akonzi. Ana anga amakonda fudge (switi wofewa wa shuga ndi mkaka) wa chokoleti amene mlamu wanga amabwera naye kuchokera ku Johannesburg, choncho ndakhala ndikuyesa kupanga wanga kunyumba. Nthawi zina amatuluka ndi timibulu ta shuga tokukutika m'kamwa, nthawi zina amakana kulimba. Kodi ndikulakwitsa pati? Ndine mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Mayi, mavuto onse awiriwa gwero lake ndi shuga, makamaka nthawi imene mukumutakasa ndi nthawi imene mukumuphula pamoto.

Tengani makapu 3 a shuga, kapu imodzi ndi theka ya mkaka, masupuni aakulu 10 a ufa wa koko, kamchere pang'ono ndi magalamu 60 a batala. Majarini angathe kulowa m'malo mwa batala, ngakhale kuti ine ndimaona kuti kukoma kwake kumachepa. Thirani shuga, koko, mchere ndi mkaka mu poto wamkulu wokhuthala pansi, chifukwa zikayamba kuwira zimafufuma kwambiri, ndipo muzitakasa pamoto wochepa kufikira shuga yense atasungunuka.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Dzanja lozolowera kuvundula nsima limafuna kupitiriza kutakasa, koma zikangoyamba kubwata muyenera kuchotsa mthiko ndi kuzisiya zokha. Kambulu kamodzi ka shuga kotsalira m'mbali mwa poto kakagwera mkati, shuga wosungunuka uja amayamba kuundana mozungulira kambuluko, ndipo timibulu tikuluikulu timafalikira mu poto monse. Pukutani m'mbali mwa poto ndi kansalu konyowa, kapena vundikirani kwa mphindi 2 kuti nthunzi isungunule zotsalirazo. Ngati mukuphika pa mbaula, chepetsani makala kuti pansi pasapserere, ndipo ana asayandikire, pakuti shuga wowira amawotcha koposa madzi otentha.

Fudge wokana kulimba ndi amene waphulidwa madzi asanachepe mokwanira. Mabuku ambiri amati aphulidwe kutentha kukafika madigiri 112 mpaka 116 a Celsius, koma muyesowu ndi wa malo otsika a m'mbali mwa nyanja yamchere. Lilongwe ili pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000, kumene madzi amawira pa madigiri pafupifupi 97, kotero ngati muli ndi choyezera kutentha muchotsepo madigiri 3. Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi ya kapu ya madzi ozizira: donthezani pang'ono za mu potozo m'madzimo, ndipo dontholo likaumbika kukhala kampira kofewa kamene kakuphwatalala mukakatsina, phulani msanga. Likasungunuka m'madzimo, sizinapse.

Mukaphula, ikani batala pamwamba osatakasa, ndipo dikirani mpaka pansi pa poto patazizira moti mungathe kugwirapo ndi chikhatho, pafupifupi madigiri 43. Tsopano takasani mwamphamvu ndi mthiko kwa mphindi 5 mpaka 10, kufikira kunyezimira kutatha ndipo dzanja layamba kulemera. Kutakasa zitazizira kumapanga timibulu tating'ono kwambiri timene lilime silingathe kutimva, ndipo m'menemo ndi mmene muli kusalala kwa fudge wabwino. Mtedza wokazinga wosinja pang'ono muuthire pa nthawi imeneyi, kenako khuthulirani mu thireyi yopaka batala ndi kudula zikalimba.

Fudge amene wakanika musamutaye. Mubwezereni mu poto pamodzi ndi theka la kapu ya mkaka, asungunukenso pamoto wochepa, ndipo muyambirenso kuyesa ndi madzi ozizira.