Kwa mnyamata wa ku Phalombe amene watopa ndi kuuzidwa kuti adzale mitengo

Imelo yako ndinaiwerenga Lachiwiri usiku magetsi atazima, batire ya foni ili pafupi kutha. Ukuti uli ndi zaka 19, unalemba Fomu 4 chaka chatha, ndipo ku kalabu yanu ya achinyamata nkhani ndi yodzala mitengo basi. Ukufunsa kuti inu mukuvutikiranji ndi mbande pamene amene anaononga nyengo ali ku Ulaya ndi ku America, akudya bwino. Pomaliza unalemba kuti mwina wangokhala waulesi.

Suli waulesi, mng'ono wanga. Funso lomwelo linandichotsetsa ine pa mndandanda wa anthu oitanidwa ku misonkhano, koma nkhani imeneyo ndiifika. Ndiyambe ndi azakhali anga.

Azakhali ankachita lendi ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, ndipo ankagulitsa tomato ndi zitumbuwa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atafika, mvula inagwa usana ndi usiku osapumira. Iwo anapulumuka chifukwa denga linkadontha kwambiri moti anakagona kwa mnzawo wa ku Mvano. Ine ndinafika patapita masiku awiri, khasu lili paphewa. Pamene panali nyumba panali mwala waukulu ngati minibasi. Tinakumba m'mbali mwake tsiku lonse, ndipo tinatulutsa mbaula yophwanyika, poto mmodzi wopanda chivundikiro ndi thumba la ufa lomwe linali litasanduka dothi. Azakhali anatenga potoyo, nakhala pansi, n'kuyamba kumutsuka ndi madzi a m'ngalande. Palibe amene anawaletsa. Pafupi pomwepo anyamata ena ankakumba mwakachetechete, ndipo tonse tinkadziwa kuti iwo sakufunafuna mapoto.

Mayi ameneyu sanakhalepo ndi galimoto. Ndege amaiona m'mwamba ikamapita ku Chileka. Akatswiri akawerengera mpweya wa kaboni (umene umatenthetsa dziko lapansi) umene dziko lililonse limatulutsa n'kuugawa kwa munthu aliyense, Mmalawi amapezeka ndi pafupifupi matani 0.1 pachaka, pamene wa ku America amaposa matani 14. Afrika yense, ndi anthu ake oposa biliyoni imodzi, safika 4 peresenti ya mpweya wonse wa dziko lapansi. Koma amene ankatsuka poto m'ngalande tsiku limenelo anali azakhali anga.

Iwe wa ku Phalombe sindingakuphunzitse za napolo. Agogo ako akukumbukira wa 1991, madzi ndi miyala zitatsika m'phiri la Michesi. Kale zoterezi munthu ankazikamba kwa adzukulu ngati chinthu chimene anaona kamodzi pa moyo wake. Tsopano werenga wekha: anamondwe Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023, kenako ng'amba ya 2024 imene inachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Anamondwe analipo kale, zoona. Chasintha n'chakuti nyanja yaikulu yatentha, mpweya wofunda umanyamula madzi ambiri, ndiye ikati igwe imakhuthuka ya miyezi ingapo m'masiku ochepa. Freddy anayambira cha kufupi ndi Australia, nakhala moyo masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene analembedwapo.

Tsopano ya msonkhano ija. Patapita miyezi ingapo bungwe lina linatiitanira ku hotelo ya kunyanja kuti tikakambirane za achinyamata ndi kusintha kwa nyengo. M'chipinda munkazizira ngati ku Dedza mu Juni, madzi a m'mabotolo ali mbwee patebulo. Mlendo wina, amene anachita kukwera ndege ziwiri kuti adzatipeze, anationetsa zithunzi za amayi atasenza nkhuni ndi abambo akukankha njinga za makala, n'kunena kuti tisinthe kaganizidwe. Ndinakweza mkono. Ndinafunsa kuti ulendo wake wobwera ndi wobwerera ungafanane ndi matumba angati a makala. M'chipinda munangoti zii. Wapampando anati tipume kaye timwe tiyi. Sanandiitanenso mpaka lero. Koma ndisadzitame: alawansi ya tsikulo ndinasainira, ndipo ina ndinagulira thumba la makala pamsewu pobwerera.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi mawu oti thandizo. Kumudzi ng'ombe za munthu zikalowa m'munda mwako n'kudya chimanga, nkhani imapita kwa amfumu ndipo mwini ng'ombe amalipa. Sabwera ndi atolankhani kudzati akukuthandiza. Sakubwereketsa ndalama ya katapila kuti ugulire mbewu ina. Komatu n'zimene zikuchitika. Pa msonkhano wa mayiko wa za nyengo ku Copenhagen mu 2009 mayiko olemera analonjeza mayiko osauka madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020. Anachedwa ndi zaka ziwiri, ndipo gawo lalikulu linabwera ngati ngongole. Thumba la chipukuta misozi pa zoonongeka linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, ndipo ku Dubai chaka chotsatira malonjezo anali pafupifupi madola 700 miliyoni. Kafukufuku wa boma lathu atatha Freddy anati kumanganso zimene zinaonongeka kukufunika madola pafupifupi 680 miliyoni. Ona bwino manambala awiriwo. Ndalama yolonjezedwa kwa mayiko onse osauka ikanangokwana namondwe mmodzi m'dziko limodzi. Ku Baku mu 2024 mayiko athu ankafuna madola 1.3 thiriliyoni pachaka, anabwerako ndi lonjezo la 300 biliyoni, pofika 2035. Kenako America anatulukanso m'pangano la Paris lolimbana ndi kusintha kwa nyengo.

Ndisawaphatikize onse. Scotland, kadziko kumene kuli Blantyre weniweni amene wathuyu anatengera dzina, anali woyamba kuika ndalama pa zoonongeka zoterezi mu 2021, ndipo ina inafika kuno. Inali yochepa, koma sanaitche mphatso. Kwa ine zimenezo n'zazikulu.

Nanga makala?

Apa ndi pamene anzanga a ndale za nyengo amandida. Phiri la Ndirande sanalimete ndi azungu. Soche sanamumete ndi azungu. Amene anagawa mapuloti m'mbali mwa phiri, amene anasiya ngalande zitatsekeka ndi zinyalala, amene amasowetsa chimanga cha anthu a m'misasa, onsewo ndi athu, timapemphera nawo limodzi. Akuluakulu ena azolowera kuloza chala ku Ulaya kuti tisawafunse za zimenezi. Komanso wowotcha makala sindimuweruza msanga. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022 magetsi anavuta kupitirira chaka, ndipo ngakhale okhala m'nyumba za mpanda anabwerera ku mbaula. Munthu angaphikire chiyani? Kumuuza kuti asiye osamupatsa china ndi chipongwe.

Ndiye udzale kapena usadzale? Dzala. Mtengo wako sudzaziziritsa dziko lapansi, ndipo aliyense wokuuza kuti ukulipira nawo mlandu wa mafakitale a ku Germany akukunamiza. Ntchito yake ndi kugwira dothi limene lili kumtunda kwa nyumba ya amayi ako. Sankha malo ndi mutu: m'mbali mwa mtsinje, m'zigwembe, pamodzi ndi udzu wa vetiva ndi nsungwi, ndipo sakaniza ya zipatso kuti wina asaithamangire ndi nkhwangwa. Uuze kalabu yanu ileke kuwerenga mbande tsiku lojambulitsa mu Januwale, iziwerenga zimene zatsala mu Okutobala, mbuzi ndi moto zitadutsa. Ndipo lembani zimene mudzi wanu unataya, nyumba zingati, minda ingati, milatho iti, chifukwa mlandu wopanda umboni amfumu saumva. Ophunzira a zamalamulo a ku zilumba za Pacific anayamba ndi zokambirana za m'kalasi ku Vanuatu mu 2019, ndipo mu Julayi 2025 khoti lalikulu la bungwe la United Nations ku The Hague linanena kuti mayiko ali ndi udindo wa lamulo pa nyengo, ndi kuti ovulazidwa angathe kufuna chipukuta misozi. Maganizo a khotilo sakakamiza munthu kutulutsa ndalama, koma tsopano alipo, olembedwa.

Azakhali anasamukira kwa mwana wawo ku Lunzu. Poto uja akuphikirabe, chivundikiro chake ndi mbale. Mitambo ikangoda sagona, amakhala pakhomo atavala nsapato. Ukadzandilemberanso undiuze kuti kwanu ndi mbali iti ya Michesi.