Maluwa a cactus musawajambule masana

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake maluwa a cactus (chomera chaminga cha kumalo ouma) a m'dimba mwanu amatuluka mbuu pachithunzi. Vuto ndi dzuwa la masana. Limanyezimira pamchenga ndi pamiyala, kamera n'kulephera kugwira mtundu weniweni wa duwa.

Lawirirani m'mamawa. Mitundu yambiri ya cactus wotchedwa Echinopsis imamasula usiku, pofika masana duwa lafota kale, ndiye mukachedwa mwaphonya. Gwadani pansi, dzuwa likhale kuseri kwa chomeracho. Minga imawala ngati golide, ndipo ine chithunzi chotere chimandigwira mtima. Ngati dzuwa lakwera kale, wina agwire nsalu yoyera yopyapyala pakati pa dzuwa ndi duwa.

Zitsamba zimavuta ndi mphepo, choncho zijambuleni kukadali bata. Pafupi ndi cactus wotchedwa Opuntia samalani mawondo, timinga take n'tovuta kuzula.