Pikapu yonyamulira katundu ndi kukoka ngolo

Achimwene, mwafunsa kuti mugule pikapu iti yonyamulira simenti komanso kukoka ngolo. Ine ndingatenge Toyota Hilux ya dizilo, kapena Isuzu D-Max. Zipangizo za Hilux zimapezeka ngakhale m'maboma, ndipo amakaniko ambiri amaidziwa bwino.

Koma chonde musakopeke ndi penti yonyezimira. Lowani kunsi kwa galimotoyo muone chassis, zitsulo zikuluzikulu zimene zimanyamula thupi lonse la galimoto: ngati pali dzimbiri kapena pamene anawotcherera pafupi ndi chokokera, isiyeni. Muilize m'mawa injini ikadali yozizira, muyang'ane utsi. Ukakhala wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Kenako mukwere nayo chitunda itasenza katundu, klachi yotha imadziulula pomwepo.

Ngolo yopanda mabuleki isapitirire makilogalamu 750. Potsetsereka ngati pa Chiweta, ngolo yolemera imakankha galimoto kuchokera kumbuyo.