Mwana wanga akumuitana "achimwene": ndimuletse thalauza?

Mayi wina wa ku Matawale wanditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi wa zaka 19 amameta tsitsi, ndipo amakonda jinzi ndi malaya otaya a pa kaunjika. Makondakitala amamuitana "achimwene", ndipo tsiku lina wolondera chimbudzi cholipira m'tauni anamubweza pakhomo la mbali ya amayi. Iwo akufunsa kuti: "Ndimukakamize diresi ndi chitenje kuti anthu aleke kumusokoneza? Kapena mwanayu chilipo chamulakwikira?"

Mayi, mwana wanu palibe chamulakwikira. Chimene chikuchitika chili m'maso mwa omuonawo.

Kondakitala akamaitanira anthu sayang'anitsitsa munthu. Amangoona mutu, mapewa, chovala ndi kayendedwe, nthawi zambiri cha kumbuyo, pakamwa n'kutulutsa kale "achimwene" kapena "asisi" munthuyo asanayankhule n'komwe. Zizindikiro zimenezi diso limachita kuphunzira, silibadwa nazo. Taonani atsikana a m'sukulu za boma akamaweruka masana: ambiri mitu yawo ndi yometa ngati ya anyamata, koma poti ali mu yunifolomu ya diresi palibe amawasokoneza. Mutu womwewo ukakhala pamwamba pa jinzi, diso la kondakitala latayika. Lachisanu abambo achisilamu amapita ku mzikiti atavala mikanjo yofika m'mapazi, ansembe nawo amavala mikanjo pa misa, ndipo palibe anayamba wawatchulapo "amayi". Apolisi achizimayi ndi asilikali achizimayi a ku Cobbe Barracks amagwira ntchito ali m'thalauza, anthu n'kumawapatsa ulemu wawo. Agogo athu aamuna ankamanga chilundu m'chiuno, umuna wawo osachepa.

Nanga n'chifukwa chiyani thalauza la mtsikana limatiwawa m'maso chonchi? Mbali ina ndi mbiri yathu. M'chaka cha 1973, Nyumba ya Malamulo ili konkuno ku Zomba, boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala thalauza ndi siketi zoonetsa mawondo. Abambo nawo sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Lamulolo linachotsedwa m'nyengo ya kusintha kupita ku zipani zambiri, patatha zaka pafupifupi 20, koma amene anakulira momwemo anatsala nalo m'mutu, n'kupatsirako ana awo. Ambiri amene amati thalauza la mkazi "si chikhalidwe chathu" akunena lamulo la boma lomwe ndi laling'ono msinkhu poyerekeza ndi agogo awo.

Zotsatira zake tinaziona mu Januwale 2012, pamene mavenda ena ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu ankavula amayi ovala mathalauza ndi timasiketi pakati pa msewu. Amayi anasonkhana ku Blantyre kudzudzula nkhanzazo, Joyce Banda ali wachiwiri kwa pulezidenti anali nawo, ndipo Bingu wa Mutharika ananena poyera kuti amayi ali ndi ufulu wovala chimene akufuna. Nkhani imeneyo imandipwetekabe mtima, chifukwa ovulawo ankati akuteteza ulemu wa mkazi kwinaku akumuchititsa manyazi pagulu. Za tsitsi nazo zinafika kukhoti: mu 2023 Khoti Lalikulu la Zomba, pamaso pa Jaji Zione Ntaba, linagamula kuti ana achirasta asamabwezedwe m'sukulu za boma chifukwa cha madiredi.

Mwina kutchalitchi akuwerengerani Deuteronomo 22:5, yoletsa mkazi kuvala chovala cha mwamuna. Sindipeputsa chikhulupiriro chanu. Kungoti pamene mawuwo ankalembedwa amuna ankavala mikanjo, ndiye sangakhale akunena jinzi yosokedwa kuti aivale mkazi. Imeneyo mukaikambirane modekha ndi abusa anu.

Tsono musamukakamize. Mtsikana wa zaka 19 mukamulanda thalauza adzalibisa m'chikwama n'kukavalira kwa mnzake, inu n'kutaya mwayi woti azikuuzani zimene akukumana nazo panjira. Khalani naye pansi, mumufunse kuti mawu a "achimwene" amamupweteka kapena amangowaseka. Atsikana ena amavala zotaya dala kuti anyamata a pa siteji asamawaimbire likhweru, ena n'chifukwa chokwera kabaza tsiku ndi tsiku, ena amangozikonda basi. Yankho lake ndi limene likuuzeni chochita. Ngati zikumuwawa ndipo iye mwini akufuna kuti anthu asamasokoneze, tinthu tating'ono ngati ndolo kapena duku timatembenuza diso msanga kuposa kusintha zovala zonse. Koma asankhe yekha.

Muzimuuza kuti chitenje chisamasowe m'chikwama mwake. Pamaliro, kumudzi kapena pamaso pa akuluakulu achimange pamwamba pa jinziyo, monga amachitira amayi ambiri a m'maofesi. Umenewo ndi ulemu wa malo, ndipo sumulanda kanthu.

Za kuchimbudzi zija, akayankhula mofatsa kuti "ndine mtsikana, mayi" zimatha pomwepo. Koma wina akadzamugwira thupi, kumukoka chovala kapena kumuopseza kuti amuvula kuti "aone", umenewo ndi mlandu. Mupite naye limodzi ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit, tsiku lomwelo, ndipo ngati panali mboni mutenge nambala yake ya foni.