Kukonzekera triathlon m'mvula ya ku Cape Town

Achimwene, mwafunsa momwe mungapitirizire kukonzekera triathlon yanu yoyamba, ija yosambira mamita 750, kupalasa njinga makilomita 20 ndi kuthamanga makilomita 5, pamene mvula ya kuno ku Cape Town siikukata ndipo mukamaweruka kumakhala kutada kale. Ine ndaona nyengo zozizira zingapo kuno, ndiye ndikuuzeni zomwe zimandithandiza.

Kwathu mwezi wa June umazizira koma kumakhala kouma, kupatula chiperoni cha ku Thyolo ndi Mulanje. Kuno mvula yeniyeni imagwa kuyambira May mpaka August, ndipo imabwera ndi chimphepo chochokera kumpoto chakumadzulo. Mu June dzuwa limatuluka cha m'ma 7:50 n'kulowa 6 koloko isanakwane. Mukati mudikire tsiku lowala, mwezi utha musanatuluke pakhomo. Miyezi imeneyi musalimbane ndi liwiro ayi, chofunika n'chakuti thupi lisaiwale ntchito. Mphindi 40 zokha, masiku asanu pa sabata, zikukwanirani.

Njinga ndiye imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ndi pamene munthu amavulala. Msewu ukanyowa, mizere yoyera yapenti ija ndi zivindikiro zachitsulo za ngalande zimaterera ngati therere, makamaka pokhota. Mabuleki ogwira pa limu sagwira msanga akanyowa, choncho yambani kuwagwira mukadali patali. Phwetsani matayala pang'ono kuti agwire bwino pansi, ndipo nyali yofiira yakumbuyo iziyaka ngakhale masana, poti oyendetsa galimoto saona bwino magalasi akachita nthunzi. Ku Chapman's Peak musapiteko kukagwa mvula yambiri. Msewu umenewo amautseka kawirikawiri chifukwa cha miyala yogumuka kuphiri. Kunena zoona, pakati pa sabata ine sinditulutsa njinga. Ndinagula trainer yogwiritsidwapo kale, kachitsulo kaja komangirapo tayala lakumbuyo, ndipo ndimapalasira m'nyumba zenera lili lotsegula. Zimatopetsa maganizo, koma ola limodzi pamenepo mulibe maloboti kapena mitsetse yopumira, miyendo imagwira ntchito nthawi yonse. Mukatsika, valani nsapato nthawi yomweyo muthamange mphindi 10 panja. Miyendo imalemera ngati mwasenza thumba la chimanga, ndipo ndi momwe idzamvekere pa tsiku la mpikisano, bwino muzolowereretu. Tsiku lomwe mwapalasa panja, tsukani tcheni, muumitse, muthire oilo musanagone. Mchenga wonyowa umadya tcheni msangamsanga.

Kuthamanga m'mvula kulibe vuto. Pewani malaya a thonje chifukwa amasunga madzi, valani chipewa chokhala ndi mlomo kuti madzi asalowe m'maso. Loweruka 8 koloko m'mawa pitani ku parkrun (kuthamanga pagulu kwa sabata iliyonse) ya ku Green Point kapena ku Rondebosch Common, ndi makilomita 5 enieniwo, yaulere, ndipo kuona anzanu atabwera kumachotsa ulesi. Chimene chimaziziritsa thupi ndi kuima n'kumacheza mutavala zonyowa. Sinthani zovala pompopompo, mumwe tiyi wotentha. Nsapato muzilongamo nyuzipepala usiku, m'mawa zimakhala zitauma.

Pa kusambira, musayerekeze nyanja ino ndi ya ku Mangochi. Mbali ya Atlantic madzi amazizira mpaka kubanikitsa mpweya mukangolowa, ndipo popanda wetsuit, chovala chothina chosambirira chosunga kutentha kwa thupi, musayese. Mvula ikagwa yamphamvu, ngalande za mumzinda zimakokolera zonyansa kunyanja, ndiye dikirani masiku awiri kapena atatu. Ndipo m'nyanja musasambire nokha, chonde, ngakhale mutadziwa kusambira chotani. Miyezi ino gwiritsani ntchito dziwe. La ku Long Street Baths lili m'nyumba, ndi la mamita 25, madzi ake amatenthetsedwa. Ingofunsani kaye ngati latsegulidwa musanawononge ndalama ya thiransipoti. Mamita 750 ndi kudutsa dziwelo maulendo 30. Yambani ndi maulendo anayi, kupuma pang'ono, n'kubwereza, mpaka mudzathe 30 osaima. La ku Sea Point ndi la mamita 50 koma lili pabwalo ndipo silitenthetsedwa, limeneli mudzalipeze cha mu October kukayamba kufunda, mukayesereko wetsuit yanu musanalowe m'nyanja.